Chitsime cha Mkamwini

Ndikukumbukira chaka chimene tinatsika ku phiri la Ntchisi. Ndinali kamnyamata kovala kachikopa ka mbuzi kutsogolo kokha, kumbuyo kukuona dziko, koma pakamwa panga panali patayamba kale malonda. Inu amene mumandidziwa pa msika wa pa Madisi, amene mwakhala mukulimbana nane pa usipa ndi mchere zaka zonsezi, musaganize kuti nthendayi ndinakaitenga ku Halale. Ndinabadwa nayo. Ndili wamng'ono ndinkatha kusinthanitsa mbewa yowonda ndi ziwala, madzulo ake n'kusinthanitsanso ziwalazo ndi mbewa yomwe ija mwini wake ataiwamba kale. Atsibweni anga a Gwirize, mlongo wawo wa amayi, ndi amene anandipatsa dzina loti Kamlomo.

Kuphiri kuja sitinkakhalako chifukwa chokonda kukwera. Makolo athu anathawirako masiku a nkhondo ya Angoni, nabisa nyumba zawo m'mphepete mwa nkhalango ya pamwamba. Ine nkhondoyo sindinaione, ndinangoona zipsera zake pa matupi a akuluakulu. Chimene ndinaona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero chimandibwerera ndikatsinzina, ndi madzi. M'nkhalango muja mitengo inali italiitali, yoti ukafuna kuona nsonga yake umagwa chagada. Dzuwa linkalowamo mochita kupempha. M'mawa nkhungu inkakwawa pakati pa mitengo, masamba n'kumadontha ngakhale mwezi umene kuchigwa anthu akupsa mapazi. Pansi pa matanthwe panali akasupe. Madzi ake ankatuluka mwakachetechete, ozizira mpaka mano kuchita dzanzi, oyera moti ukaviika chikho umaona ngati chikulendewera m'malere. Sitinkafunsa ngati madzi ali abwino kapena ayi. Funso lotero kunalibe. Ukaona mchenga wa pansi, gwada, imwa. Lamulo la madzi linali lomwelo basi, ndipo kuphiri silinanamizepo munthu.

Kenako nkhondo inatha. Azungu anamanga boma lawo ku Dowa, ndipo m'malo mwa Angoni kunayamba kubwera asilikali a msonkho, amene phiri sankaliopa. Minda yathu ya pamtsetse inali itatopa, mvula ikangogwa nthaka inkatsika yokha kutisiya ife pamwamba. Atsibweni, monga mwini mbumba, anati nafenso titsike, tikalondole nthaka yathu kumene inapita. Tinasenza mitsuko, mphasa ndi nkhuku, tinalowera kumadzulo, kutsika zitunda, kukwera zina, mpaka tsiku lina dziko linangogona pansi. Ine ndinali ndisanaonepo dziko logona. Udzu unkapita mpaka kumene maso athera. Ndinagwira dzanja la amayi zolimba, poopa kuti thambo litigwera, chifukwa sindinkaona chimene chikulichirikiza.

Atsibweni a Gwirize sanali munthu waukali. Anali aafupi, a mawu aakulu, oseka ndi thupi lonse, ndipo kansupa kawo ka fodya wa mphuno kankayenda m'manja mwa aliyense. Atate anali osiyana nawo ngati mphasa ndi ng'oma. Anali a Mwale, obadwira kuchigwa komweku. Anakwera kuphiri ali mnyamata kukagulitsa makasu, anaona amayi akutunga madzi, basi makasu anatha koma iwo sanatsike. Anakhala mkamwini, ndipo mukudziwa kuti mkamwini sakula mwendo: munda ndi wa akazi ake, ana ndi a mlamu wake, zake ndi nkhwangwa ndi mphasa. Kuwonjezera apo, mawu a atate ankatuluka ngati fulu akuwoloka njira. Akayamba kuyankha funso, wofunsayo amakhala atapita kale. Pakamwa panga, ndikuuzeni, ndinatengera kuchikazi.

Mudzi tinamanga pa chitunda cha katondo, pansi pake pali dambo lalikulu. Ntchito yoyamba inali chitsime, ndipo anatuma mkamwini. Atate anayenda m'mbali mwa dambo tsiku lonse, akugwada, akufinya dothi m'manja, akulinunkhiza. Pomaliza anakumba m'mphepete penipeni, pansi pa mtengo wa katope, pamene mchenga wa chitunda ukumana ndi makande akuda a dambo. Madzi anatuluka, koma madzi ake, abale! Otuwa mbuu ngati matsukwa a mphale. Ukaviika dzanja, zala zimasowa. Azimayi anafika ndi mitsuko, anasuzumira, anayang'anana, kenako chiseko chinaphulika.

“Alamu,” anatero atsibweni akupukuta misozi, “tinakutumani chitsime, inu mwatiphikira phala. Mchere uli kuti tithiremo?”

Atate anayamba kunena kanthu, koma fulu asanafike pakati pa njira atsibweni anali atatenga kale anyamata, ali pakati pa dambo, potsikitsitsa penipeni. Nzeru yake inali ya kuphiri: madzi amapita kumunsi, tiyeni kumunsi. Anakumba m'makande omata, ndipo m'mawa mwake dzenje linali litadzaza madzi oyera mbee ngati diso la nkhunda. Amayi anaimba nthungululu. Agogo ena anagwada nati mizimu ya kuphiri yatitsatira. Tinamwa tonse. Kumapeto kwa lilime kunkatsala kakhambi kowawa, koma tinati ndiko kukoma kwa dziko lachilendo, tizolowera. Chitsime cha atate chinasiyidwa. Iwo anangochivindikira ndi makungwa, n'kumakamwako okha akamachokera kumunda.

Wina amene ankamwako ndi ine. Ndikanakonda kunena kuti ndinali mwana wanzeru womvera atate ake, koma ayi. Chitsime chotuwacho chinali pa njira ya kubusa, pamene choyeracho chinali kutali, pa dzuwa, ndipo miyendo yanga sinakondepo ntchito yopanda phindu. Ndinkatsinzina n'kumwa. Madziwo anali ofewa pakhosi, onunkhira ngati mbiya yatsopano.

M'miyezi ya mvula ndi ya chisanu zinthu zinayenda. Koma dzuwa litayamba kulimba, mudzi unayamba kudandaula. Nyemba zinkakana kupsa, amayi ankatha mtolo wa nkhuni nyembazo zikungovina mumphika. Thobwa linkatuluka ndi nkhope yachilendo. M'mitsuko munkatsala zoyera zokanirira. Ndipo njira za kuthengo zinayamba kupondeka kuposa njira za kumunda. Akuluakulu ankakumana kumeneko m'mawa, aliyense n'kumayang'ana kumwamba ngati akufuna njuchi. Ena anati ndi mphepo ya kuchigwa, ena anati ndi maungu. Madzi sanawatchule ndi mmodzi yemwe. Ungaimbe bwanji mlandu chinthu chimene ukuchiona mpaka pansi?

Nyengo imeneyo atate kunalibe. Anawatenga pa mtengatenga, kukasenza katundu wa Azungu mpaka kunyanja, kuti msonkho wa nyumba ya amayi uthe. Anabwerera mwezi wotentha, mapewa ali zilonda. Mlongo wanga Mwatitha, amene anali atangomuletsa kuyamwa, anawathamangira ndi timiyendo take, ndipo atate anaiwala mwambo. Munthu wochokera ku ulendo wautali sayenera kugwira mwana wamng'ono asanasambe mankhwala. Iwo anangomunyamula, namukweza m'mwamba. Azimayi onse anaona.

Mwatitha anali atayamba kale kutsegula m'mimba atate asanafike, koma zimenezo palibe anazikumbukira. Chimene anakumbukira n'chakuti pambuyo pake mwana anafota. Maso analowa m'kati, tsitsi linafiira, kulira kwake kunasanduka kwa kamwana ka mphaka. Akalira ludzu amayi ankamupatsa madzi oyera aja, ochuluka, mwachikondi. Ndiye mawu anayamba kuyenda pa mtondo: tsempho. Ankati mwamuna akayenda njira zosayenera ku ulendo, nabwera kudzagwira mwana wake, mwanayo amafota chonchi. Amayi analeka kuyang'ana atate kumaso.

Atsibweni ankamukonda Mwatitha kuposa tonse, ankamutcha mayi wawo. Tsiku limene anaitana atate pansi pa mkuyu sanaseke. Ine ndinali pomwepo, ndikusenda nzimbe imene sindinaidye.

“Alamu, ine mlandu sindiufuna. Koma mwana akutha. Mvula yobzalira ikagwa, mutenge nkhwangwa yanu ndi mphasa yanu.”

Atate anati, “Ndi madzi, alamu.”

“Madzi ati? Oyera aja? Kuphiri tinamwa madzi oyera chibadwire, ndani anafota?”

“Ine ndimamwa a atate,” ndinalowerera, “ndipo onani mimba yangayi.”

“Iwe Kamlomo khala chete. Iwe ngakhale mwala ungagaye.”

Nkhani inathera pomwepo. Nkhwangwa ndi mphasa anaziika pa khonde, poonekera. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akachoka amachoka yekha, ana amatsala ndi mbumba. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana, ndipo ine, amene chaka chilichonse ndinkavinira mvula yoyamba, ndinayamba kuitukwana chamumtima.

Tsono apa ndi pamene ndinachita malonda anga oyamba enieni. Kum'mawa kwa mudzi kunali kaphiri ka mwala wokhawokha, kongotumphuka pakati pa chigwa ngati chithupsa. Akuluakulu sankakwerako, ankati titatsika phiri lenileni tikalimbane ndi chulu? Ine ndinakwerako tsiku lina potsata mbuzi yopulupudza, ndipo ndili pamwamba ndinaona chinthu: kutali kum'mawa, kuseri kwa zitunda zonse, phiri la Ntchisi lili chiimire, lobiriwira modera, nkhungu ili pamutu. Kumudzi silinkaoneka. Ndipo ndinkadziwa kuti madzulo aliwonse atsibweni ankakhala pa chitsa atayang'ana kum'mawa, fodya ali m'manja osamufwenkha. Wamalonda sagulitsa chimene ali nacho, amagulitsa chimene mnzake akusowa. Ndinawapeza pa chitsa pomwepo.

“Atsibweni, ndili ndi katundu.”

“Mbewa zako zowonda zija? Pita.”

“Ayi. Ndili ndi Ntchisi.”

Anatembenuka. Ndinawauza kuti ndikudziwa malo amene munthu angaime n'kuona kwathu, mpaka mtengo wa pa bwalo ngati maso ali bwino. Za mtengozo ndinawonjezera, wamalonda aliyense amathira kamchere.

“Ndilipire chiyani?”

“Mwatitha amwe madzi a atate mpaka mwezi uno utafa.”

“Matsukwa aja? Ufuna kumutsiriza?”

“Nanga panopa akunenepa?”

Anandiyang'ana ngati andimenya, kenako anafwenkha fodya. “Ndione kaye katundu. Ukandinamiza, ndikusinthanitsa ndi mbuzi.”

“Ndipo atate apite nawo, atinyamulire chipanda cha madzi.”

“Iwe mwana, unabadwa kapena anakugula?”

Kunena zoona, za atatezo ndinangowonjezera kuti ndisasenze chipanda ndine. Ndinalibe nzeru ina iliyonse. Ndinagulitsa phiri limene silinali langa, osadziwa kuti katundu weniweni ali pansi pa mapazi athu.

Tinakwera m'mawa mwake, kunja kuli chifundi cholemera. Mwala unali wotentha kale, abuluzi akutipatsa njira monyinyirika. Atsibweni, amene kuchigwa ankayenda ngati bakha, pa mwala paja anasanduka mnyamata. Zala za kumapazi zinkagwira zokha. Anafika pamwamba ife tisanafike, ndipo titawapeza anali ataima chilili, manja ali lende. Ntchisi inali apo. Kenako anayamba kutchula mayina a zitunda ndi makwawa, limodzilimodzi, motsitsa mawu, ngati munthu akupereka moni kwa akuluakulu pa maliro. Misozi inkatsika n'kulowa m'ndevu. Ine ndinayang'ana kumbali, ndikuti katundu walandiridwa.

Atakhuta, anatembenuka kuti amine. Ndipo anangouma, dzanja lili pa mphuno.

Ndinayang'ana kumene ankayang'ana. Abale anga, ine ndinali nditakwerapo kale pa mwala uja, koma maso anga anali pa mbuzi. Tsiku limenelo ndinaona dziko. Chigwa chija ndinkachiyesa chogona ngati mphasa sichinali chogona konse. Chinali ngati dzanja la nkhalamba, mitsempha yonse ili poyera. Zitunda zinali zofiira, zotukuka pang'onopang'ono ngati misana ya ng'ombe zogona. Pakati pa zitundazo pankayenda madambo, aang'ono kulowa m'aakulu, aakulu kulowa m'aakulu kuposa, ngati mtengo waukulu umene unagwa kalekale nthambi zake zili tambalale mpaka kumalekezero a dziko. Moto wa lupsa unali utadutsa, ndiye madambowo anali akuda bii. Koma dambo lililonse, lalikulu ndi laling'ono, linali ndi mkanda wobiriwira m'mphepete mwake, wopyapyala, wosaduka, wokhota pamene dambo lakhota, ngati wina anachita kuusoka ndi singano. Mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe, koma mkandawo unali wobiriwira. Ndipo pakati pa dambo lathu, potsikitsitsa, panali zigamba zoyera ngati chikanga pa mutu wa mwana, pamene ngakhale udzu unkamera mwamantha.

Mudzi wathu unkaoneka ngati bowa. Ndinaona mtengo wa katope, uli pa mkanda wobiriwira penipeni. Ndinaona kanjira kofiira kochoka kumudzi, kudumpha mkandawo, kukathera pakati pa zoyera zija. Pa kanjirako pankayenda kanthu kakang'ono ngati nyerere yosenza dzira. Anali amayi, mtsuko uli pamutu.

Munthu wa kuphiri ukamuuza nkhani ali pansi samva. Maso ake anazolowera kuwerenga dziko ali pamwamba. Atsibweni anakhala pansi pa mwala mwapang'onopang'ono.

“Alamu. Chobiriwiracho n'chiyani?”

Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, munthu anadikira fulu mpaka atawoloka. Atate anakhala pambali pawo. Anati mvula ikagwa pa chitunda imalowa pansi, katondo ndi mchenga zimaimeza. Imayenda m'kati mwa nthaka pang'onopang'ono, kutsetsereka, miyezi ndi miyezi, mpaka ikagunda makande a dambo amene salola madzi kudutsa. Pamenepo imatuluka, ndipo udzu umadziwa. Madzi amenewo ndi a chaka chino, angodutsa mu mchenga, kutuwa kwake ndi dothi la mbiya chabe. Koma amene afika pakati pa dambo alibenso kopita. Amakhala pa makande, dzuwa limawamwa chaka ndi chaka, ndipo dzuwa limamwa madzi okha, zowawa zimene madziwo anasungunula m'miyala limazisiya pomwepo. Zoyerazo ndi zimenezo.

“Nanga kwathu?” anafunsa atsibweni, akuloza Ntchisi ndi chibwano.

“Kwanu madzi sakhala pansi. Agwa lero, mawa ali pa mwala, mkuja apita. Alibe nthawi yotola kanthu. Kuno amagona.”

Akulankhula choncho, mphepo inasintha. Inabwera yozizira, yonunkhira fumbi lonyowa. Kumpoto thambo linali litada, ndipo tinaona mvula ikubwera, osati kugwa ayi, kubwera, ikuyenda pa chigwa ndi miyendo yaitali yotuwa, ikuponda chitunda ichi, kudumpha icho. Kutsogolo kwake akamvuluvulu a phulusa ankathawa ngati ana. Mphezi inang'amba, ndipo mwala wonse unanjenjemera pansi pa matako athu. Tinalowa pansi pa thanthwe lotulukira kunja, atatu tonse, mawondo akugundana. Dziko linasowa. Kunangotsala phokoso, ndi fungo lija la nthaka imene yamwa koyamba, limene ngakhale nkhalamba limaipangitsa kufuna kudya dothi.

Mmene inabwerera ndi mmene inapitira. Dzuwa linatuluka pansi pa mtambo, ndipo tinakwawa kutuluka. Zitunda zonse zinali zitameza mvula yawo, zinangofiira kwambiri n'kumafuka nthunzi, dontho osaoneka. Koma pakati pa dambo lililonse madzi anali ataima, akung'anima ngati mipeni yotayidwa pa chikopa chakuda, kuyambira pansi pathu mpaka kumene dziko lithera. Zonse zimene atate ananena, dziko linazinenanso lokha, ife tikuona. Ndinkamva ngati tasuzumira m'nyumba ya Chauta iye akugwira ntchito, ndipo tiyenera kuchokapo mwaulemu asanatembenuke.

Mvula yobzalira inali itagwa. Tonse atatu tinkadziwa chimene chinali pa khonde.

Atsibweni anatsika patsogolo. Sanapite kumudzi. Analunjika ku katope, anachotsa makungwa, anatunga madzi otuwa aja m'chipanda, anayang'ana kumbali ngati munthu akumwa mankhwala, namwa. Anayendetsa lilime m'kamwa. Anamwanso. Kenako anadzaza chipanda nanyamula okha, mwini mbumba wathunthu kusenza madzi ngati mtsikana, mpaka pa khomo la amayi.

“Mlongo, mayi wangayu azimwa awa.”

“Achimwene, matsukwa?”

“Ndagula kwa Kamlomo. Katundu wogula sataya.”

Panali chodabwitsa china chimene ndinachiona masiku omwewo. Amayi, pofuna kuchepetsa kutuwa, anathira chikho cha madzi a pakati pa dambo mu mtsuko wa madzi a atate. Pofika madzulo mtsuko wonse unali woyera mbee, dothi lonse litagwa pansi. Atsibweni anauyang'ana nthawi yaitali, analawa, nalavula. Chowawa chomwe chija ndicho chinkagwetsa dothi. Madzi aja ankayera chifukwa cha nthenda yawo yomwe. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankangousiya mtsuko wa madzi otuwa kuti ugone wokha, n'kumatunga a pamwamba.

Mwatitha sanachire tsiku limodzi. Poyamba kutsegula kunachepa. Kenako anayamba kulira mokweza, kulira kwenikweni kosowetsa mtendere, ndipo amayi anaseka koyamba. Mwezi usanafe analanda mbatata m'manja mwanga n'kuiluma, ndipo ine, amene sindinalolepo chinthu kuchoka m'manja mwanga chaulere, ndinamusiya. Azimayi a pa mtondo anati mankhwala a sing'anga agwira. Palibe anawatsutsa, koma mitsuko yawo, umodziumodzi, inayamba kukhotera ku katope. Nyemba zinayamba kupsa. Njira za kuthengo zinamera udzu.

Atsibweni sanapepese, sizinali m'chikhalidwe chawo. M'mawa wina anangotenga nkhwangwa ija pa khonde, napita nayo kuthengo, nadula mitengo, namanga mpanda kuzungulira chitsime cha atate kuti mbuzi zisapondemo. Pobwera anaponya nkhwangwayo m'kati mwa nyumba ya amayi, kuseri kwa chitseko kumene inkakhala kale.

“Alamu, nkhwangwa yanuyi ndi yobuntha. Munthu angapite nayo kuti imeneyi? Khalani muinole.”

Mphasa amayi anali atailowetsa kale.

Lero ndikapita kumudzi kuja ndimasochera. Mitengo ya pa zitunda inathera m'zigafa za fodya. Mvula ikagwa chitunda sichimezanso monga kale, madzi amathamanga pamwamba, ofiira, akukumba makwawa mmene munali njira zathu. Anthu alima mpaka m'mphepete mwa dambo, ndipo mkanda wobiriwira uja waduka m'malo ambiri. Ana amatunga pa mjigo, amapukusa chitsulo madzi n'kutuluka, osadziwa kuti achokera chitunda chiti. Mijigo ina ndi yokoma, ina ndi yowawa ndithu, ndipo akaipeza yowawa amangoti tsoka.

Koma sikuti nzeru ija inafa. Chaka china pa benchi yanga panafika mnyamata wa boma wa za madzi, kudzagula usipa. Pocheza anatulutsa chithunzi chojambulidwa ali m'ndege, nati iwo asanakumbe amayamba aphunzira kaye kagonedwe ka dziko, pamene patukuka, pamene patsika, pamene madzi amayenda ndi pamene amaima, chifukwa kukoma kwa madzi kumachokera m'njira imene adutsa. Anati pali anthu amene sukulu yawo yonse ndi imeneyo. Ndinagwira chithunzicho n'kuchiyang'anitsitsa. Mtengo wakugwa uja unali pomwepo, nthambi zake zonse, ndi kamzere kodera m'mphepete mwa dambo lililonse. Ndinamupatsa usipa, ndinawonjezera mchere, ndinawonjezera ndi dengu lomwe kuti andisiyire. Anakana, anati ndi cha boma. Ndi malonda okhawo amene ndinagonja ndikumwetulira.

Atate anamwalira ali okalamba, m'nyumba ya amayi. Abale awo anabwera ndi machira kudzatenga mtembo, monga mwambo unenera kuti mkamwini akagone kwawo. Atsibweni, maso atachita khungu, anauza Mwatitha kuti awatsogolere, iye ali ndi mwana kumbuyo wina kudzanja. Anakhala pa khomo la siwa, ndodo ili pa miyendo.

“Mwabwera kudzatenga ndani? Muno mulibe mlendo. Mukafuna kumunyamula, muyambe mwanyamula chitsime.”

Anthu aja anakhala pansi, nalira nafe. Atate tinawaika kwathu, koma osati m'manda a pa chitunda. Anali atasankha okha malo, kutsidya kwa dambo, kumunsi. Anati munthu, ngakhale atafa, asamagone kumtunda kwa madzi amene ana ake akumwa.